Nthenda Yokwera Sitima: Mbiri ya Fuluwenza ya 1918

MAWU OYAMBA

Nthenda ilibe miyendo. Singathe kunyamuka yokha m'mudzi uno ndi kukalowa m'mudzi wa kutsidya kwa mtsinje. Kuti iyende iyenera kukwera munthu, monga nkhupakupa ikwera ng'ombe. Munthuyo akayenda pansi, nthenda iyendanso pansi. Akakwera sitima, nthenda yakwera naye pamodzi, ndipo kumene iye atsikira, iyonso itsikira komweko.

M'kabuku kano tiwerenga mbiri ya nthenda ya fuluwenza, imene ena amaitcha chimfine chachikulu. Makamaka tiona za mliri wa chaka cha 1918, umene unazungulira dziko lonse lapansi, nufika ngakhale m'midzi ya makolo athu. Nkhondo Yaikulu Yoyamba, ya 1914 mpaka 1918, inatha zaka zinayi, nipha anthu osachepera mamiliyoni 15. Koma fuluwenza, m'nyengo yosakwana zaka ziwiri, inapha anthu amene akatswiri ambiri amati anafika mamiliyoni 50. Pa anthu atatu alionse a pa dziko lapansi, mmodzi anadwala.

Kapena wina afunsa kuti, "Kodi nkhani yakalekale yotere itithandiza chiyani ife?" Yankho lake ndi ili: ife ndife anthu oyenda. Timanka ku Joni ndi ku Harare kukafuna ntchito. Timapita ku maliro ndi ku maukwati. Timadzazana m'mabasi ndi m'misika. Njira zimene nthenda inadzera m'chaka chija zikalipo, ndipo lero anthu amayendamo msanga koposa kale. Akuluakulu anati, chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Chotero tiyeni timve zimene zinaona makolo athu.

KODI FULUWENZA N'CHIYANI?

Tisanayambe mbiriyi, tidziwe kaye mdani wake. Fuluwenza imadza ndi kachilombo kotchedwa vairasi. Kachilomboka n'kakang'ono kwambiri, kotero kuti ngakhale galasi lija limene a kuchipatala amaonera tizilombo ta malungo silingathe kukaonetsa. Kamakhala m'mphuno, kummero ndi m'mapapo a munthu wodwala. Wodwalayo akatsokomola, akayetsemula, ngakhale akamalankhula, timadontho ta malovu ndi mamina timauluka, ndipo amene ali pafupi amatipuma. M'nyumba kapena m'galimoto yotseka mazenera, timadontho tina timatsala mumpweya kwa kanthawi. Tina timagwera pa manja, pa chikho ndi pa chitseko.

Fuluwenza isiyana ndi chimfine cha masiku onse. Chimfine chimadza pang'onopang'ono, ndipo munthu akhoza kulima ali nacho. Fuluwenza imagwira mwadzidzidzi. Thupi litentha, mutu uwawa, m'mafupa muphwanya, chifuwa chouma chiyamba, ndipo munthu afooka mpaka kulephera kudzuka pamphasa. Ambiri amachira patapita sabata imodzi kapena ziwiri. Koma kwa ena nthenda imatsikira m'mapapo nisanduka chibayo, ndipo chibayocho ndicho chimapha.

Pali chinthu chimodzi chimene wapaulendo aliyense ayenera kuchisunga mumtima. Kachilomboka kakalowa m'thupi, pamapita tsiku limodzi kufikira masiku anayi munthu asanamve kudwala. Ndiponso munthuyo akhoza kupatsira anzake kutatsala tsiku limodzi kuti iye mwini ayambe kumva kuwawa. Chotero munthu akwera sitima ali wamphamvu, akuseka ndi anzake, osadziwa kuti wanyamula katundu wina amene sali m'sutikesi. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya nthendayi.

NKHONDO ITSEGULA NJIRA

Kufikira lero anthu ophunzira akali kutsutsana za malo enieni kumene mliri wa 1918 unayambira. Koma chodziwika n'chakuti m'mwezi wa Malichi chaka chimenecho, pa msasa wa asilikali wa Camp Funston, m'chigawo cha Kansas ku America, asilikali oposa 1,000 anagonekedwa m'chipatala m'masabata atatu okha. Nthawi yomweyo dziko la America linali kutumiza asilikali ake ambirimbiri ku France, kukathandiza Angerezi ndi Afalansa pomenyana ndi Ajeremani. M'miyezi yotsatira nthenda inabuka m'misasa ya ku France, nifalikira mbali zonse ziwiri za nkhondo.

Maiko amene anali pankhondo analetsa manyuzipepala awo kulemba za nthendayi, poopa kuti adani angadziwe kuti asilikali afooka. Koma dziko la Spain silinalowe nawo nkhondo, ndipo manyuzipepala ake analemba poyera, makamaka pamene mfumu yawo, Alfonso XIII, inadwala mu Meyi 1918. Anthu a maiko ena powerenga zimenezi anayesa kuti nthenda yachokera ku Spain, naitcha fuluwenza ya ku Spain. Dzinalo linakhazikika, ngakhale kuti Spain analibe mlandu.

Funde loyambali silinaphe anthu ambiri. Munthu anali kudwala masiku atatu, nadzuka. Koma mu Ogasiti 1918 nthenda inabweranso itakwiya. Inabuka pafupifupi nthawi imodzi m'mizinda itatu yotalikirana kwambiri: Brest ku France, Boston ku America, ndi Freetown ku Sierra Leone, kumadzulo kwa Africa. Kodi mizinda itatuyi inafanana chiyani? Yonse inali madoko, kumene sitima za nkhondo zinali kuima.

Kuti timvetse mmene zinthu zinalili m'sitimazo, tione imodzi yotchedwa Leviathan. Inanyamuka ku New York pa 29 Seputembala 1918 ndi asilikali oposa 9,000. Anthuwo anali kugona mothithikana pa makama osanjikizana, m'zipinda za pansi mmene mphepo sinali kulowa bwino. Ulendo wa ku Brest unatenga masiku oposa pang'ono sabata imodzi, koma pofika, anthu pafupifupi 2,000 anali atadwala, ndipo makumi ambiri anali atafa panjira. Kuthithikana ndi kusowa mphepo ndizo nkhuni zimene zinakoleza motowo.

PADOKO LA FREETOWN

Sitima zambiri za masiku amenewo zinali kuyendera malasha. Sitima yochokera ku Ulaya kunka kumwera kwa Africa inali kuima pa Freetown kuti itenge malasha ena. Pa 15 Ogasiti 1918 sitima ya nkhondo ya Angerezi yotchedwa Mantua inaima pamenepo, ili ndi amalinyero odwala pafupifupi 200. Anthu a m'mudzimo analowa m'sitimamo kukasenza malasha monga mwa masiku onse, ndipo madzulo anabwerera kwa akazi awo ndi ana awo. Pasanathe masabata awiri, pa antchito 600 a kampani ya malasha, 500 sanabwere ku ntchito. Ena anali gone, ena anali kudwazika abale awo.

Kuyambira pamenepo, sitima iliyonse imene inaima pa Freetown inali kutenga malasha ndi nthenda pamodzi. Zina zinanka nayo ku madoko a Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, ndi ku Nigeria. Ziwiri zinalunjika kumwera.

OKUTOBALA WAKUDA

Sitima ziwirizo zinali Jaroslav ndi Veronej. Zinanyamula amuna a ku South Africa oposa 2,700, amene anatengedwa kunka ku France kukagwira ntchito za manja za nkhondo, monga kutsitsa katundu m'madoko, kudula mitengo ndi kukonza misewu. Tsopano anali kubwerera kwawo mokondwa. Jaroslav inafika ku Cape Town pa 13 Seputembala, ndipo Veronej inafika pa 18 Seputembala. Zonse ziwiri zinali zitaima pa Freetown.

Akuluakulu a padoko anaona kuti ena mwa anthuwo akudwala. Odwalawo anawatengera ku chipatala, ndipo otsalawo anawasunga pa msasa wa Rosebank masiku owerengeka okha, osawalonda mokwanira. Ataona kuti akuoneka amphamvu, anawakweza masitima a pamtunda nawatumiza kwawo. Apa tikumbukire masiku aja amene kachilombo kamabisala m'thupi. Anthuwo anayamba kudwala ali m'sitima. Pa siteshoni iliyonse ena anatsika, nalandiridwa ndi abale awo, ndipo nthenda inalowa m'midzi yakutali imene sinaonepo nyanja.

Mwezi wotsatirawo anthu a ku South Africa amautcha Okutobala Wakuda. Mu Cape Town anthu anali kufa mazanamazana tsiku lililonse. Mabokosi a maliro anatha, ndipo mitembo inali kukulungidwa m'mabulangete ndi kuikidwa m'maenje aakulu. Ku Kimberley, mudzi wa migodi ya dayamondi, kumene antchito anali kugona ambiri m'komboni imodzi, kunafa anthu oposa 4,000. Antchito ambiri a m'migodi ndi m'mizinda, poona anzawo akufa, anathawa nanka kwawo, ndipo pothawa nthenda anainyamula. M'masabata asanu ndi limodzi okha dziko la South Africa linataya anthu pafupifupi 300,000.

Chodabwitsa cha mliri umenewu chinali chakuti sunasankhe nkhalamba ndi makanda okha, monga fuluwenza ichitira zaka zina. Unapha makamaka anthu a zaka 20 mpaka 40, amuna ndi akazi a mphamvu zawo, ndiponso amayi oyembekezera. Ameneŵa ndiwo anthu ogwira ntchito, olima, ndi olera ana. Ameneŵanso ndiwo amene amayenda maulendo.

NTHENDA IFIKA KWATHU

Kuchokera ku Cape, njanji inali kudzera ku Kimberley ndi ku Mafeking mpaka ku Bulawayo. Pamenepo inagawikana. Nthambi ina inanka ku Salisbury, umene lero ndi Harare, ndi kutsikira ku doko la Beira. Nthambi ina inaoloka Zambezi pa mlatho wa Victoria Falls, nidzera ku Livingstone ndi ku Broken Hill, umene lero ndi Kabwe, mpaka ku migodi ya Katanga. Fuluwenza inatsata njanjiyi monga madzi atsata ngalande. Kuchiyambi kwa Okutobala inali ku Bulawayo, ndipo mwezi womwewo usanathe inali itafika ku Salisbury, ku Beira ndi kumpoto kwa Zambezi. M'migodi ya ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, munali amuna ambiri ochokera kuno kwathu. Ambiri anafera m'makomboni, ndipo ena anathawa nayamba ulendo wapansi wobwerera kumudzi.

Dziko lathu, limene panthawiyo linali kutchedwa Nyasaland, linalibe njanji yofika ku nyanja yamchere. Munthu wochokera kunja anali kukwera sitima ya pamadzi pa Chinde, ku mathiriro a Zambezi, nakwera mtsinjewo mpaka pa Chindio. Pamenepo anali kupeza njanji yodzera ku Port Herald, umene lero ndi Nsanje, kunka ku Limbe ndi Blantyre. Njira imeneyi inali yodzaza ndi asilikali ndi katundu wa nkhondo, ndipo ndi mmene nthenda inalowera kuchokera kumwera. Mu Novembala 1918 inali itafika ku Blantyre, ku Limbe ndi ku Zomba.

Inatipeza pa nthawi yoipa. Nkhondo yolimbana ndi Ajeremani a ku Tanganyika inali itavuta dziko lino kuyambira pa kumenyana kwa ku Karonga mu Seputembala 1914. Popeza misewu ya galimoto inali yochepa, chakudya ndi zipolopolo za asilikali zinali kuyenda pamitu pa anthu. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino analembedwa ntchito ya mtengatenga, ndipo enanso zikwi zambiri anali asilikali a King's African Rifles. Ambiri anabwerako ataonda ndi njala, kamwazi ndi malungo. Kumidzi nako nkhokwe zinali zopepuka, pakuti chakudya chambiri chinatengedwa kunka kunkhondo, ndipo amuna olima kunalibe.

Nkhondo ya ku Ulaya inatha pa 11 Novembala 1918. Mkulu wa asilikali a Ajeremani kuno ku Africa, Paul von Lettow-Vorbeck, anapereka zida zake pa 25 Novembala ku Abercorn, umene lero ndi Mbala, m'dziko la Zambia. Tsono amtengatenga ndi asilikali anayamba kumasulidwa m'misasa. Ananyamuka m'magulumagulu, ena pa sitima za pa nyanja yathu, ambiri pansi, akugona m'midzi ya m'njira ndi kumwera chikho chimodzi. Kumudzi amayi anawalandira ndi nthungululu, pakuti mwana amene anamuyesa wakufa wabwera. Patapita masiku atatu kapena anayi, nyumba yonse inali gone.

Taganizani, owerenga, mmene mudzi unalili. Mwambo wathu wabwino uti munthu akadwala tikamzonde, ndipo akamwalira tisonkhane pasiwa ndi kugona pamaliro. Koma m'nyengo imeneyo kuzonda odwala ndi kugona pamaliro kunapatsa nthenda anthu atsopano. Inalinso nthawi ya mvula yoyamba, pamene dzanja lililonse lifunika kumunda, ndipo amene anali kugwa anali eni makasu. Mliriwo unapitirira kufalikira m'maboma akutali mpaka m'chaka cha 1919.

Ambiri mwa makolo athu anakhulupirira kuti nthendayi inadza ndi mpweya wa nkhondo. Tisawaseke. Anaona bwino kuti nkhondo ndi nthenda zinadza motsatana. Chimene sanathe kuchidziwa n'chakuti sinali mphepo imene inanyamula nthendayo kuchokera kutali, koma anthu amene nkhondo inawayendetsa.

ZISUMBU ZIWIRI NDI MIZINDA IWIRI

Kodi panali njira yoiletsera? Mbiri ya zisumbu za Samoa, pakati pa nyanja yaikulu ya Pacific, itiyankha. Anthu a zisumbuzi ndi mtundu umodzi, olankhula chinenero chimodzi, koma panthawiyo anali pansi pa maboma awiri. Za kumadzulo zinali m'manja mwa New Zealand, za kum'mawa m'manja mwa America.

Pa 7 Novembala 1918 sitima yotchedwa Talune, yochokera ku Auckland, inaima pa doko la Apia, ku Samoa wa kumadzulo. Munali odwala, koma akuluakulu a padoko analola anthu onse kutsika. M'miyezi iwiri munafa anthu pafupifupi 8,500, ndiko kuti munthu mmodzi pa anthu asanu alionse. Koma ku Samoa wa kum'mawa, bwanamkubwa John Martin Poyer atamva za mliriwo anatseka doko. Sitima iliyonse yofika inayenera kudikira masiku angapo anthu ake asanaloledwe kusakanikirana ndi eni dziko. Mafumu a m'midzi anathandizana naye, naika anthu awo kulonda magombe kuti mabwato ochokera kumadzulo asakocheze usiku. Sichinali chinthu chapafupi, pakuti obwezedwawo anali abale awo enieni. Koma ku Samoa wa kum'mawa sikunafe munthu ndi mmodzi yemwe ndi mliriwo. M'chaka cha 2002 nduna yaikulu ya New Zealand, Helen Clark, inapita ku Samoa kukapepesa chifukwa cha zolakwa za boma lake la masiku aja, ndipo mlandu wa Talune unali umodzi wa milanduyo.

Ku America nako kunali mizinda iwiri imene inachita zosiyana. Mu Philadelphia, ngakhale nthenda inali italowa kale, akuluakulu analola chionetsero chachikulu chosonkhetsera ndalama za nkhondo pa 28 Seputembala 1918. Anthu pafupifupi 200,000 anadzaza m'misewu. Patapita masiku atatu zipatala zonse za mumzindawo zinali zitadzaza, ndipo m'masabata asanu ndi limodzi munafa anthu pafupifupi 12,000. Koma mu St. Louis, mkulu wa zaumoyo, Dokotala Max Starkloff, anatseka masukulu, matchalitchi ndi nyumba za masewera patangopita masiku awiri nthenda itaoneka pakati pa anthu wamba. Ambiri anadandaula, makamaka eni malonda. Koma poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, imfa za mu St. Louis zinali pafupifupi theka la za mu Philadelphia.

Onani kuti Poyer ndi Starkloff analibe mankhwala. Chida chawo chinali chimodzi: kulekanitsa odwala ndi amoyo, ndi kuchita zimenezi msanga.

ZIMENE ZINADZIWIKA PAMBUYO PAKE

M'chaka cha 1918 madokotala sanali kumdziwa mdani amene anali kulimbana naye. Ambiri anali kutsata Mjeremani wina, Richard Pfeiffer, amene mu 1892 anati fuluwenza imadza ndi kachilombo ka mtundu wa bakiteriya. Koma mu 1933, ku London, akatswiri atatu, Wilson Smith, Christopher Andrewes ndi Patrick Laidlaw, anapeza vairasi yeniyeni ya fuluwenza ya anthu. Katemera woyamba analoledwa ku America mu 1945.

Kunadziwikanso kuti vairasi imeneyi imasintha maonekedwe ake chaka ndi chaka, kotero kuti thupi limene linaigonjetsa chaka chatha likhoza kulephera kuizindikira chaka chino. Chifukwa cha ichi katemera wa fuluwenza amakonzedwa mwatsopano chaka chilichonse. Kuyambira mu 1952 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, lili ndi nyumba zopimira m'maiko ambiri zimene zimalonda kusinthaku. Nthawi zina vairasi ya mbalame kapena ya nkhumba imasakanikirana ndi ya anthu, ndipo pamabadwa mtundu watsopano umene matupi a anthu sanakumane nawo. Pamenepo ndi pamene mliri umabuka.

Vairasi ya 1918 inadziwika bwino patapita zaka zambiri. Pa mudzi wa Brevig Mission, m'dziko lozizira la Alaska, munafa anthu 72 mwa anthu 80 mu Novembala 1918, ndipo anaikidwa m'nthaka youma ndi chisanu. Mu 1997 dokotala wina, Johan Hultin, atapempha chilolezo kwa akulu a mudziwo, anafukula mandawo natenga kachidutswa ka mapapo. Kachidutswako kanathandiza Jeffery Taubenberger ndi anzake, amene mu 2005 anatsiriza kufotokoza mapangidwe onse a vairasiyo. Kafukufuku wina anasonyeza kuti ambiri mwa akufa a 1918 anamalizidwa ndi chibayo cha mabakiteriya, chimene chinalowa m'mapapo amene vairasi inali itawononga kale.

Miliri ina inadza, iliyonse pa liwiro la maulendo a nthawi yake. Wa 1957 unayambira ku China, nudzera ku Hong Kong ndi Singapore, nupha anthu oposa miliyoni imodzi. Wa 1968, wotchedwa fuluwenza ya ku Hong Kong, unapha pafupifupi miliyoni imodzi. Wa 2009 unaonekera ku Mexico ndi ku America m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, nukwera ndege, ndipo pofika pa 11 Juni unali m'maiko oposa 70. Nthenda ya COVID-19, imene inapezeka m'Malawi pa 2 Epulo 2020, si fuluwenza ayi, pakuti vairasi yake ndi ya mtundu wina. Koma inayenda njira zomwezo, ndipo inalimbana ndi zida zomwezo. Ngakhale m'zaka zopanda mliri, bungwe la WHO limati fuluwenza imapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 chaka chilichonse.

ZOYENERA KUCHITA WAPAULENDO

Tsopano tiyeni titole zimene mbiriyi yatiphunzitsa.

Choyamba, musanyamuke muli kudwala. Ngati thupi latentha ndipo mukutsokomola, dikirani mpaka kutentha kutatha ndi kupitapo tsiku lathunthu. Tikiti yotayika ibwezeka ndi ndalama, koma mayi woyembekezera amene mukanakhala naye mpando umodzi sabwezeka. Ngati ulendowo ndi wosalephereka, valani chophimba pakamwa ndi pamphuno.

Chachiwiri, dziwani nyengo ya kumene mukupita. Ku South Africa fuluwenza imachuluka m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Ku Britain imachuluka kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. M'maiko otentha monga lathu ikhoza kuoneka nyengo iliyonse. Kumene katemera apezeka, baitsani kutatsala masabata awiri kuti munyamuke, pakuti thupi lifuna masiku amenewo kuti likonzeke. Ofunika katemera koposa onse ndi okalamba, ana aang'ono, amayi oyembekezera, ndi amene ali ndi chifuwa chachikulu, mphumu, nthenda ya shuga, ya mtima, kapena kachilombo ka HIV.

Chachitatu, kumbukirani sitima ija ya Leviathan. M'basi, m'minibasi ndi m'chipinda chogona alendo, tsegulani zenera ngakhale pang'ono. Kuzizira kwa mphepo sikubweretsa fuluwenza. Chimene chimaibweretsa ndi mpweya wotsekeredwa umene anthu ambiri apumamo. Vekani mwana juzi, koma zenera likhale lotsegula.

Chachinayi, samalani manja. Sambani ndi sopo musanadye ndiponso mukatsika m'galimoto. Musasambire m'beseni limodzi anthu ambiri. Wina athirire mnzake madzi. Musagwiregwire m'maso, m'mphuno ndi pakamwa. Yendani ndi kapu yanuyanu, ndipo musamwere botolo limodzi ndi anzanu. Potsokomola ndi poyetsemula, tsekani pakamwa ndi kansalu kapena ndi mkati mwa chigongono, osati ndi chikhatho chimene mudzapatsa nacho moni. Musalavule pansi m'galimoto kapena pa depoti.

Chachisanu, musatopetse thupi. Amtengatenga anagwa msanga chifukwa anali anjala ndi otopa. Idyani mokwanira, imwani madzi abwino, ndipo gonani tulo pamene mungathe.

Chachisanu ndi chimodzi, mukadwala panjira kapena mutangofika, musadziweruze nokha. Kuno kwathu thupi likatentha akhoza kukhala malungo, ndipo malungo sadikira. Pitani ku chipatala akakupimeni magazi, ndipo muwauze kumene mwachokera. Mankhwala opha mabakiteriya, monga makapisozi amene ena amagula pamsika, sapha vairasi. Dokotala yekha ndiye adziwa ngati chibayo chalowa ndipo afunika. Panado amachepetsa kutentha ndi kuwawa, koma mwana musampatse asipirini. Aliponso mankhwala olimbana ndi vairasi ya fuluwenza, amene amathandiza kwambiri akayambidwa m'masiku awiri oyamba. Mukaona kupuma movutika, kuwawa m'chifuwa, milomo kusintha mtundu, kusokonezeka mutu, mwana kukana kuyamwa, kapena kutentha kubweranso munthu atayamba kuchira, thamangirani ku chipatala tsiku lomwelo.

Chotsiriza, ndicho chovuta koposa zonse: mukafika kumudzi muli ndi chifuwa ndi kutentha thupi, khalani panokha masiku angapo. Musanyamule khanda. Musalowe m'nyumba ya agogo. Moni perekani chapatali, poomba m'manja monga anali kuchitira makolo. Ngati kuli maliro, tumizani chipepeso chanu, kapena khalani panja pamphepo. Mfumu ndi akulu a mpingo athandize pofotokozera anthu kuti wochita zimenezi sali wonyada, koma akusunga mudzi.

MAWU OTSIRIZA

Amuna amene anatsika m'sitima ku Cape Town, ndi amtengatenga amene anabwerera ku midzi ya m'mbali mwa Shire ndi nyanja, analibe mlandu. Sanadziwe chimene ananyamula, ndipo ngakhale madokotala a masiku awo sanachidziwe. Ife tikuchidziwa. Tikudziwa mmene chimalowera m'thupi, masiku amene chimabisala, ndi njira zochitchingira. Inu amene mwaphunzira kuwerenga, werengerani mawu awa anzanu amene sanaphunzire, makamaka amene akukonzekera ulendo. Wobwera kuulendo abwere ndi mchere, sopo ndi bulangete la agogo. Nthenda aisiye panjira.